Lipoti la ulendo wa ku Blantyre: luso tili nalo, nanga pepala?

Moni nonse a m'gulu lathu, a Tcheya, a mlembi, a msungichuma, akuluakulu athu amisiri komanso achinyamata nonse amene mukuphunzira ntchito m'mashedi a pano pa Luchenza mpaka ku Chonde uko. Tabwerako ku msonkhano wa ku Blantyre kumene munatituma, ine ndi amayi aja osoka a kuseri kwa msika, tinafika dzulo madzulo bwinobwino. Malisiti a minibasi ndi a kogona ndawapereka kale kwa a msungichuma, chenje yomwe inatsala yabwerera m'bokosi. Ndati ndilembe pompano zinthu zidakali m'mutu kuti amene simudzapezeka Loweruka muwerenge pa foni. Ndi zazitali ndithu koma chonde werengani mpaka kumapeto chifukwa pali zoti tigwirizane ndipo zikukhudza ndalama zathu za banki m'khonde.

Msonkhanowo unali wa masiku awiri ndipo nkhani yake inali imodzi, mwana akaphunzira ntchito yamanja, kaya ku koleji kaya kwa mmisiri, kodi pambuyo pake ntchito amaipeza? Nanga ndalama zimene amagwira zimasiyana ndi za mnzake amene sanaphunzire? Munali aphunzitsi a m'makoleji, anthu a boma, a mabungwe, mabwana a makampani angapo ndi ena ochita kafukufuku. Amisiri enieni a m'mashedi ngati ife tinali ochepa zedi, tebulo limodzi basi, nde zinandikhudza chifukwa ana ambiri m'dziko muno ntchito amaphunzirira kwa ife osati ku koleji. Atatipatsa maiki tinayankhula ndithu, sitinapite kukangoomba m'manja.

Paja tisananyamuke a Tcheya munatiuza kuti funso la gulu ndi limodzi, satifiketi imawonjezera ndalama kapena ndi yongopachika pa khoma? Yankho limene ndabwera nalo ndi ili, pepala palokha silidyetsa munthu, koma luso lopanda pepala limathera pomwe pathera anthu okudziwa. Ukatuluka mu Luchenza muno, kumene sadziwa kuti geti la pa tchalitchi paja unawotcherera ndiwe, umayambanso pansi ngati mwana wobwera dzulo. Zonse zimene ndilembe m'munsimu zikuzungulira pamenepa.

Ndiyambe ndi mmene zinthu zilili chifukwa enafe timangomva TEVETA TEVETA pa wailesi. Bungweli, limene limayang'anira maphunziro a ntchito zamanja m'dziko muno, linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1999 ndipo ndalama zake zambiri zimachokera kwa olemba anthu ntchito. Kampani imapereka ndalama yofanana ndi 1 peresenti ya malipiro a antchito ake onse, sikuti amadula kwa wantchito ayi, imatuluka m'thumba la kampani ndipo amatolera ndi a MRA. Ndekuti ma esiteti a tiyi atizungulirawa, kumene makolo athu akhala akuthyola tiyi zaka zonsezi, lamulo limeneli limawakhudza nawonso. Ine nditamva izi ndinati basi, mwana wa wothyola tiyi akapita kukafunsa za maphunziro amenewa asamapite ngati wopempha, thukuta la amayi ake lili momwemo.

Makoleji akuluakulu a ntchito zamanja ndi aja mukuwadziwa, Soche ku Blantyre, Nasawa ku Zomba, Lilongwe, Namitete, Salima, Mzuzu ndi Livingstonia. Kumeneko amafuna MSCE ndipo malo ndi ochepa poyerekeza ndi ana olembera. Mu 2015 boma la Peter Mutharika linayambitsa makoleji a m'madera, yoyamba kutsegulidwa inali ya Ngara ku Karonga, kwathu kuno tili ndi Milonga ku Thyolo, anzathu a ku Phalombe ali ndi Naminjiwa, ku Chiradzulu kuli Aida Chilembwe. Ndi chinthu chabwino, sinditsutsa. Koma taganizani, kalembera wa 2018 anapeza kuti Thyolo yokha anthu anapitirira 700,000 ndipo Mulanje anatsala pang'ono kufika pomwepo, ambiri mwa iwo ndi ana ndi achinyamata. Koleji imodzi ingameze angati? Otsalawo ndi amene amabwera pa shedi panu a malume, atagwidwa dzanja ndi mayi awo, kuti muwaphunzitseko kupala matabwa. Sukulu yaikulu ya ntchito zamanja kuno ndife, kungoti sukulu yathu situlutsa pepala.

Tsiku loyamba masana mayi wina wochita kafukufuku anaima n'kunena zinthu zimene m'holo munangoti zii. Anatchula katswiri wina wa ku World Bank, David McKenzie, amene mu 2017 anasonkhanitsa zotsatira za mapologalamu ophunzitsa achinyamata ntchito zamanja m'maiko osauka osiyanasiyana, aja amachita kuyerekeza bwinobwino ophunzitsidwa ndi osaphunzitsidwa. Zomwe anapeza ndi zoti pa anthu 100 aliwonse ophunzitsidwa, amene anapeza ntchito chifukwa cha maphunzirowo, oti popanda maphunziro sakanaipeza, anali awiri kapena atatu basi. Pomwe kuphunzitsa munthu mmodzi kumadya madola 1,000 mpaka 2,000. Aphunzitsi ena a m'makoleji nkhope zinagwa, wina anadzuka n'kutsutsa kuti ana awo amalembedwa ntchito, koma mayiwo anawayankha modekha kuti funso si lakuti alembedwa kapena ayi, funso ndi lakuti akanakhala kuti sanabwere ku koleji akanakhala ali pati, chifukwa mwana wochangamuka amene amakwanitsa kulowa koleji mwina akanapezabe pogwira. Ine pamenepo mtima unatsika, ndinaganiza kuti ndidzakuuzani chiyani kuno, kuti tonse tikungotaya nthawi?

Koma anapitiriza ndi nkhani ya ku Uganda, ndipo iyi ndi imene ndikufuna aliyense aimvetse, ngakhale zina zonse muiwale. Kumeneko ochita kafukufuku mogwirizana ndi bungwe la BRAC anatsatira achinyamata 1,700 ndi mabizinesi ang'onoang'ono 1,500 kwa zaka zinayi. Achinyamata ena anawatumiza ku sukulu za ntchito zamanja miyezi 6, ena anawapereka kwa amisiri m'mashedi miyezi 6 yomweyo, ena anangowasiya kuti akhale oyerekezera. Ntchito zake ndi zathu zomwezi, kuwotcherera, umakaniko, zamagetsi, zomangamanga, mapaipi, kusoka, zokonza tsitsi. Atawayesa luso, a ku sukulu ndi a kwa amisiri anapezeka kuti adziwa ntchito pafupifupi mofanana. Mwamva akuluakulu? Mofanana. Ndekuti shedi imaphunzitsa, tisamadzione otsika. Ndipo poyamba a kwa amisiri ndi amene anatsogola, anayamba kugwira ndalama msanga chifukwa anali kale pa ntchito. Koma zaka zikupita phindu lawo linayamba kuzilala pomwe a ku sukulu aja ankakwera pang'onopang'ono mpaka kuwapitirira, pa ntchito komanso pa ndalama.

Chinasiyanitsa ndi chiyani poti luso linali limodzi? Chinaoneka pa nthawi imene munthu ntchito yamuthera. Wa ku sukulu uja ntchito ikatha ankapeza ina msanga, ankaitanidwa kambiri, chifukwa anali ndi chinthu choonetsa kwa bwana amene sanamuonepo chibadwire. Wa kwa mmisiri uja luso lake ankalidziwa ndi mmisiri wake yekhayo, shedi ikatsekedwa kapena akayambana, luso lonse lija limakhala ngati ndalama ya dziko lina imene pa msika pano sakulandira. Nditamva zimenezi ndinaona ngati akunena za ine ndendende.

Ambiri mukudziwa kuti kuwotcherera ndinaphunzira kwa malume anga, Mulungu awasunge, ndinayamba ndi kuwagwirira zitsulo ndi kuwatengera marodi ndisanaloledwe n'komwe kukhudza mashini. Zaka zapitazo esiteti ina, sinditchula dzina, inkafuna wowotcherera wa ku fakitale. Ndinapita, anandipatsa paipi kuti ndilumikize, a kapitawo anaiyang'ana anaigogoda n'kugwedeza mutu kuti ntchito ndi imeneyi. Kufika ku ofesi anandifunsa kuti mapepala ali kuti, ine ndinalibe ngakhale pepala loyambira la Trade Test, lija la Grade 3, nkhani inathera pakhomo pomwepo. Patapita nthawi ndinakagwira ntchito ya mtundu womwewo kwina koma ngati waganyu, pansi pa kontrakita amene anali ndi mapepala onse, iye ndi amene analemba kotesheni n'kulandira cheke, ine ndinkalandira za pa tsiku. Sindikumuda munthuyo ayi, anachita zoyenera, anakayesedwa pomwe ine ndinkati manja anga ndi satifiketi yokwana. Koma ndikawerengera ndalama imene yandidutsa m'zaka zimenezi chifukwa cha pepala limodzi, tulo sindigona.

Ndipo si ine ndekha. Kumbukirani pambuyo pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, mmene Mulanje, Phalombe ndi Thyolo zinasakazikira, milatho, midadada ya sukulu, nyumba. Ntchito yomanga inalipo yambiri koma makontrakiti akuluakulu ankapita kwa makontrakita olembetsedwa ku NCIC, bungwe limene linkayang'anira zomangamanga nthawi imeneyo, ife eni dera ambiri tinalowa ngati aganyu, mmisiri wa zaka 20 akulandira zosasiyana kwenikweni ndi dakaboyi. Anzathu a zamagetsi mukudziwa bwino kuposa ine, kuti uwayale nyumba movomerezeka n'kulumikizidwa ndi a ESCOM pamafunika munthu wa chilolezo cha MERA, nde wopanda chilolezo ntchito amagwira yekha koma gawo la ndalama limapita kwa womusainira. Opita ku Joni nawo chimodzimodzi, kumeneko kuli bungwe la SAQA limene limaunika mapepala ochokera kunja, koma aunika chiyani ngati wanyamula luso lokha m'manja? Nchifukwa chake anyamata athu odziwa kumanga bwinobwino amakathera kukanya matope.

Nde nkhani yabwino ndi iyi. Kale mapepala analipo amitundu itatu, Trade Test ya ku Unduna wa Zantchito ija ya Grade 3, Grade 2 mpaka Grade 1, Malawi Craft ya MANEB, ndi ya TEVETA, mpaka mabwana ankasokonezeka kuti lalikulu ndi liti. Boma linaganiza zowaphatikiza kuti pakhale njira imodzi yoyendera ma Level, kuyambira Level 1 kumakwera. Ndipo pali njira imene amaitcha RPL, imeneyi ndi yathu ife. Tanthauzo lake ndi lakuti munthu amene unaphunzira ntchito kwa mmisiri ndipo wakhala ukuigwira, amakuyesa pa zimene ukudziwa kale, umagwira ntchito pamaso pa woyesa, umaonetsa umboni wa ntchito zako zakale, ukakhoza umalandira satifiketi osakakhala m'kalasi zaka. Abambo a zaka 45 amene muli ndi ana ku sekondale simungatseke shedi kukakhala pa desiki, koma masiku ochepa okayesedwa mungawapeze. Pali ndalama yolipira, nchifukwa chake ndatchula za banki m'khonde.

Koma ndisakunamizeni kuti pepala ndi zonse. Tsiku lachiwiri bwana wina wa kampani yokonza mashini anadandaula kwambiri, anati amalandira ana a mapepala okongola koma ukawapatsa galainda manja akunjenjemera, chifukwa atachimenti anakachitira malo oti ankangowatuma kukagula mandasi, kapena sanaipeze n'komwe, komanso mashini amene anaphunzirira ndi akale oti m'mafakitale anasiya kugwiritsa ntchito. Anati mwana wotere amamulemba mwezi umodzi n'kumuchotsa, ndipo zikachitika kangapo amasiya kukhulupirira pepala la sukulu imeneyo. Apa ndi pomwe ine ndinaimika dzanja. Ndinati bwanji ana a ku Milonga ndi makoleji ena azibwera pa atachimenti m'mashedi mwathu mwadongosolo, ife tiwapatse manja, makolejiwo atithandize ife kukonzekera mayeso, chifukwa chimene ana awo akusowa tili nacho ndipo chimene ife tikusowa ali nacho. Anthu anaomba m'manja, mphunzitsi wina anatenga nambala ya a mlembi. Tisadikire kuti aimbe, tiwatsatire ndife.

Pomwepa ndichenjeze makolo. Masiku ano kwabuka timasukulu ta m'tauni ta masabata awiri atatu, fizi yokwera, pa mapeto chikondwerero cha magauni ndi satifiketi ya malire a golide. Musanagulitse mbuzi kapena nthochi za m'munda, funsani kaye ngati sukuluyo inalembetsedwa ku TEVETA ndiponso ngati mayeso ake ndi ovomerezeka m'dziko lonse. Paja safunsa anadya phula. Pepala limene lili ndi mphamvu ndi lokhalo limene bwana wa ku Lilongwe kapena ku Mzuzu angalizindikire, lina lija ndi chithunzi chabe.

Tsopano nkhani ya atsikana, iyi ndiilemba mosabisa ngakhale ena ikuwawani. Kafukufuku wina anachitika konkuno ku Malawi, World Bank inatulutsa zotsatira zake mu 2013. Inali pologalamu ya TEVETA yopereka achinyamata ovutika, makamaka amasiye ndi osiyira sukulu panjira, kwa amisiri kwa miyezi pafupifupi itatu, achinyamata okwana ngati 1,900. Anapeza kuti luso anaphunziradi ndipo mitima yawo inakhala m'malo, koma pa miyezi yoyambirira atamaliza, pa nkhani ya ntchito ndi ndalama panalibe kusintha kooneka. Miyezi itatu ndi yochepa, tonse tikudziwa kuti pa miyezi itatu mwana amakhala atangodziwa kugwira sowo. Koma chachikulu anapeza kuti phindu linapita kwambiri kwa anyamata. Atsikana zinkawavuta, maudindo a pakhomo ankawakoka, kuphunzirako kunkawadyera ndalama zambiri kuposa anyamata, nde ngakhale amene anapirira sanaphunzire mwamtendere.

Amayi anzanga aja atamva izi anapempha maiki ndipo anayankhula zoti holo yonse inatembenuka. Anafotokoza za atsikana amene adutsa pa mashini awo, wina anasiya chifukwa agogo anadwala ndipo pakhomo anati wodwazika ndi mtsikana pomwe mchimwene wake ali phee pa bawo, wina ankayenda wapansi kuchokera kutali kabaza alibe ndalama yake, wina anam'kwatitsa atatsala pang'ono kudziwa kudula nsalu yekha. Kenako ananena chimene ife amuna sitifuna kumva, kuti ena mwa amisiri amafunsira ana amene makolo awapatsa kuti awaphunzitse, mwana akakana ntchito samuonetsanso, nde amangosiya osanena chifukwa. Ine manyazi anandigwira chifukwa ndikudziwa kuti ndi zoona, ndipo tonse m'gulu muno tinamvapo nkhani zotere n'kukhala chete. Ndikupempha kuti tilembe m'malamulo a gulu kuti mmisiri wochita zimenezi achotsedwe ndipo nkhani ipite kwa amfumu ndi ku polisi, osati kukambirana kuseri.

Anawonjezeranso kuti tisiye kukankhira mtsikana aliyense ku mashini osokera ndi ku saluni ngati kuti ntchito zina n'zoletsedwa. Iwo eni ake ndi atelala koma anati onani mmene kaunjika wadzadzira pa Limbuli ndi pa Bvumbwe, telala amadikira nyengo ya mayunifolomu, zikwati ndi nsalu za mabungwe basi. Mayi wa kafukufuku uja anavomereza, anati ku Uganda komweko anapeza kuti amayi amene analowa ntchito zimene anthu amati n'zachimuna, monga zitsulo ndi ukalipentala, ankapeza ngati katatu kuposa anzawo otsalira ku ntchito zachizolowezi za amayi. Ndekuti si pepala lokha limene limasiyanitsa ndalama, ntchito imene wasankha nayo imalemera mosiyana. Ine pa shedi panga ndakonzeka kulandira atsikana awiri chaka chino, ndipo ndipempha amayi a m'gulu kuti azibwera kudzawaona nthawi ina iliyonse osandiuza.

Za zida ndidutsa mwachangu chifukwa palibe amene sakuzidziwa. Mwana wamaliza, satifiketi ili m'manja, koma alibe mashini, alibe ngakhale hamala, nde amakwera njinga kuyamba kabaza ndipo pakatha zaka ziwiri luso lachita dzimbiri. Kumpoto kwa Uganda mu 2008 boma linapatsa magulu a achinyamata ndalama, pafupifupi madola 400 pa munthu, zambiri anagulira zida ndipo zina analipirira maphunziro. Patatha zaka zinayi ankapeza ndalama zochuluka ndi 38 peresenti kuposa anzawo amene sanalandire. Patatha zaka 9 anzawo aja anali atawapeza, chifukwa nawonso anasunga pang'onopang'ono mpaka kugula zawo. Ine ndinamva kuti zida sizisandutsa munthu kukhala wolemera koma zimamudulira zaka zovutika, ndipo zaka zisanu za mnyamata amene ali ndi mkazi ndi khanda si zochepa. Kuno mitengo ya zida inalumpha kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mwana wongomaliza kumene sangagule yekha mashini owotcherera. Ngongole za boma zoyambira bizinesi zilipo inde, koma maganizo anga ndi oti tiyambe ndi zathu, ngongole tiiganizire titaona kuti dongosolo lathu likuyenda.

China chimene sindinkachiyembekezera ndi choti luso nalo limakalamba. Anatiuza za kafukufuku wa m'maiko olemera monga Germany, kumene ana ambiri amaphunzira ntchito uku ali pa kampani, kuti wophunzira ntchito yamanja amapeza ntchito msanga ali mnyamata kuposa wa sukulu wamba, koma akamakula mwayi uja umachepa chifukwa mashini amasintha pomwe iye anazolowera njira imodzi. Ndinakumbukira amakaniko athu. Amene anakulira pa galimoto za kabureta lero akuona ma Sienta ndi zina zobwera kuchokera ku Japan zoti vuto lake limafuna kulumikiza kompyuta, ndipo kasitomala amathamangira kwa mnyamata wa kachipangizo kaja ngakhale sadziwa kumasula injini. Zamagetsi nazo, sola ili ponseponse m'midzi tsopano, ku Bondo uko anthu akuyatsa magetsi a m'madzi a m'phiri la Mulanje kudzera ku MEGA, zonsezi zikufuna munthu wowerenga ndi kuphunzira zatsopano. Chifukwa chake achinyamata amene muli pa shedi koma sukulu munasiyira Fomu 2 chifukwa mwayamba kugwira timakobidi, ndikukupemphani bwererani ngakhale ku sukulu ya masana ija. Masamu ndi Chingerezi ndi zimene zidzakulembereni kotesheni, kuwerenga pulani ndi kukhoza mayeso a Level yapamwamba. Ine kuwerengera zitsulo za denga ndinavutika nako zaka, ndipo ntchito zina ndinaluza ndalama chifukwa chotchula mtengo wa m'mutu.

Anatchulanso za pulojekiti ya SAVE, ya madola 100 miliyoni ochokera ku World Bank imene inavomerezedwa mu 2021, yowonjezera malo m'makoleji a ntchito zamanja ndi m'mayunivesite makamaka kwa atsikana. Zimenezo zimadutsa m'makoleji, nde kwa ife phindu lake ndi loti tizitchera khutu akalengeza malo, ana athu a MSCE alembere, tisamangomva zitatha.

Nde zimene ndikubweretsa kuti tikambirane ndi izi. Ndikupempha kuti pa ndalama imene timagawana kumapeto kwa chaka tipatuleko gawo lolipirira mamembala kukayesedwa, tiyambe ndi akuluakulu amene agwira ntchito zaka zambiri chifukwa iwo ndi amene angakhoze mosavuta komanso ndi amene akuluza kwambiri, akapeza pepala abweze pang'onopang'ono kuti ena apite. A mlembi apite ku ofesi ya TEVETA ku Blantyre sabata ya mawa akatenge mafomu, mitengo yake ndi masiku oyesera, ine ndiwaperekeza ndi ndalama yanga ya minibasi. Kuyambira lero aliyense azijambula ntchito yake pa foni, geti, kabati, nyumba, diresi, isanayambe ili pakati ndi itatha, ndipo kasitomala wokhutira mum'pemphe akulembereni kakalata kokhala ndi deti ndi siginecha, umenewo ndi umboni woti mudzaonetse. Ana amene tikuphunzitsa akhale ndi kabuku, mmisiri azilembamo zimene mwana wadziwa mwezi ndi mwezi, ndipo tisamusunge mwana zaka zinayi akungopala matabwa chifukwa tikufuna wantchito waulere, akakhwima tim'tumize akayesedwe. Gawo lina la ndalama tigule zida za gulu zobwereketsa kwa omaliza kumene, mashini amodzi owotcherera, amodzi osokera ndi bokosi la zida za ukalipentala, wobwereka azilipira kangachepe kokonzetsera.

Ndikudziwa kuti ena munawerengera kale ndalama ya Disembala kuti mugule feteleza, ndipo si nkhani yaing'ono, nanenso munda ndili nawo. Nchifukwa chake sindikunena kuchuluka kwa gawolo, tikagwirizane tonse pamaso, a msungichuma abwere ndi buku kuti tione zimene zilipo.

Tikumane Loweruka 2 koloko masana pamalo pathu pa nthawi zonse. Amene muli ndi mapepala akale a Trade Test kapena Malawi Craft, ngakhale anadyedwa ndi chiswe m'mphepete, bwerani nawo tikawaonetse ku ofesi. Amisiri bwerani ndi ana amene mukuwaphunzitsa, ndipo amene mukudziwa mtsikana amene anasiyira ntchito panjira muitaneni pamodzi ndi mayi ake kapena malume ake, amayi aja akufuna kuyankhula nawo tisanayambe zokambirana.